Njira Yopanda Galimoto M'mbali mwa Nyanja ya ku Italy

Amayi anzanga a m'midzi ndi m'matauni, sabata ino ndapempha malo pa tsamba lathu lino kuti ndikusimbireni za njira ina imene ndidaiona ku Italy. Ena mwa inu museka, muti munthu n'kuoloka nyanja pa ndege, n'kubwerako ndi nkhani ya njira ya njinga? Sekani ndithu, koma muyambe mwamva.

Mng'ono wanga adakwatiwa kumeneko. Amakhala m'tauni yaing'ono yotchedwa Arma di Taggia, m'chigawo cha Liguria, kufupi ndi malire a dziko la France. Mu February 2025 adachira, mwana wamkazi wachisamba, ndipo popeza mayi athu adatisiya kalekale, udindo wosambitsa khanda ndi kuphikira wa m'chikuta udagwera ine. Abambo a kunyumba adavomera, ndipo ndidakhalako miyezi iwiri ndi theka.

Amene mudayendako ku Chiweta, paja phiri limatsetserekera m'nyanja osasiya ndi malo olimapo, mwaliona kale dziko la Liguria. Kumwera kuli nyanja yamchere ya Mediterranean, kumpoto kuli mapiri, ndipo anthu adapanikizika pakati. Nyumba, minda, msewu ndi njanji zonse zimalimbirana kadera kopapatiza komweko. Msewu waukulu wa m'mbali mwa nyanja, wotchedwa Via Aurelia, ndi wopanikiza ndiponso wokhotakhota, ndipo galimoto, mabasi ndi njinga zamoto zimangotsatana ngati linthumbu. Tsiku loyamba kuuona ndidangoti mumtima, ndafika kwina koma msewu ndi womwewo.

Pano ndiyenera kuulula chinthu chimodzi. Ine ndidali nditatha zaka 11 ndisanapalase njinga. Kupalasa ndidaphunzira ndiri kamtsikana pa njinga ya malume, mwendo wolowetsa pansi pa mtanda monga tidayambira tonse. Nditakwatiwa, njinga ndiyo idali miyendo yanga popita kuchigayo, kusikelo ndi kumisonkhano ya magulu a amayi m'midzi isanu ndi umodzi imene ndimayendera. Tsiku lina mu 2014 tinkachokera kumsonkhano ine ndi mayi wina amene adali msungichuma wa gulu lathu, iye patsogolo ine pambuyo, m'mphepete mwa msewu wa tala. Lole idaliza hutala kumbuyo kwathu. Ine ndidagwera m'ngalande n'kuthyoka dzanja. Mnzangayo tidamuika m'manda patapita masiku awiri, kusiya ana anayi. Kuyambira pamenepo njinga yanga ndidaipachika kudenga la kachipinda kosungiramo chimanga, ndipo kumisonkhano ndinkayenda pansi, apo ayi ndinkakwera kabaza maso nditatsinzina.

Amene adandibwezera pa chishalo ndi apongozi ake a mng'ono wanga, gogo wamasiye wa zaka 74. M'mawa uliwonse gogoyu ankatulutsa njinga yake yokhala ndi dengu kutsogolo, n'kubwerako ndi buledi, nsomba ndi ndiwo zamasamba. Ine ndi iwo sitinkamvana chinenero, tinkangolankhulana ndi manja. Tsiku lina akumwa khofi adanena kanthu kwa mpongozi wawo, ndipo mng'ono wanga adati, "Achemwali, agogo akufunsa ngati kwathu amayi sakwera njinga, chifukwa akuona kuti mumaizemba njinga yawo pakhonde ngati ndi galu woluma." Ndidawafotokozera zonse, mng'ono wanga akutanthauzira. Gogo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati kumene akufuna kunditengera sikudutsa galimoto ngakhale imodzi. Ndidavomera mwaulemu chabe, pakuti kwa ine msewu wa tala wopanda galimoto udali ngati msika wa nsomba wopanda ntchentche.

M'mawa mwake adandibwereka njinga imene idali ya mwana wawo wamkazi. Idali yachikazi, yopanda mtanda, ndipo tcheni chake chidali chovindikiridwa, kotero kuti chitenje sichikadakodwa. Tidaikankha kudutsa m'timisewu ta pakati pa nyumba mpaka tidafika pamalo pamene adazikapo zitsulo zotchinga. Munthu ndi njinga amadutsa pakati pa zitsulozo, koma galimoto singalowe. Kuseri kwake kudali njira yosalala bwino, yotakata moti ngolo ziwiri zikhoza kupatukirana. Pakati adajambula mzere wolekanitsa opita ndi obwera, ndipo m'mbali adasiya kadera ka oyenda pansi.

Kupalasako thupi silidaiwale. Chimene chidandivuta ndi khosi. Ndikapalasa pang'ono ndinkacheuka, ndikapalasanso ndinkacheukanso, makutu onse ali kumbuyo kudikira hutala. Chinanso, kwathu kuno timayenda kumanzere pamene iwo amayenda kumanja, motero ndinkangopezeka ndalowa mbali ya eniake, gogo n'kumafuula kumbuyo kwanga kuti "destra, destra", ndiko kunena kuti kumanja. Sindidziwa bwino pamene ndidalekera kucheuka. Ndidangozindikira kuti zimene ndikumva ndi mafunde akumenya miyala, kulira kwa mbalame za m'nyanja ndi kuseweseta kwa matayala anga omwe. Mapewa amene ndidawakweza mpaka m'makutu adatsika okha. Titaima pa benchi ina ndidalira, ndipo gogo sadandifunse kanthu, adangondipatsa lalanje.

Safunsa adadya phula, tsono madzulo ndidafunsa alamu anga kuti m'dziko lopanikiza chotere malo a njira imeneyi adawapeza kuti. Yankho lake ndi lakuti njirayo kale idali njanji. Sitima ya pamtunda yochokera ku Genoa kupita ku Ventimiglia, kumalire a France, idayamba kudutsa m'derali mu 1872. Omanga njanjiyo adaiyala m'mphepete mwenimweni mwa nyanja chifukwa ndi mokhamo m'mene mudali mosakwera, ndipo pamene phiri lidalowa m'madzi adaliboola. Kwa zaka pafupifupi 130 sitima zinkadutsa pakati pa nyumba za anthu ndi gombe, pa njanji imodzi yokha, sitima ina kudikira inzake pa siteshoni. Mu 2001 adatsegula njanji yatsopano ya mizere iwiri, yoyenda m'kati mwa mapiri, ndipo yakale ija idangotsala. Malo a m'mbali mwa nyanja ngati amenewo ndi amtengo wapatali, akadatha kuwagawa kwa omanga mahotela kapena kuwasandutsa msewu wina wa galimoto. Koma adazula zitsulo, nathira tala, nawapereka kwa opalasa njinga ndi oyenda pansi. Adaitsegula chigawo ndi chigawo mpaka idakwana makilomita 24, kuchokera ku San Lorenzo al Mare kum'mawa kukafika ku Ospedaletti kumadzulo. Mu 2016 adasunthanso njanji ya kum'mawa kwa San Lorenzo, ndipo njirayo adaitalikitsa kulowera ku mzinda wa Imperia.

Apa ndipo pali chinsinsi chimene chimachititsa kuti gogo wa zaka 74 aziyendamo osatopa. Sitima siitha kukwera chitunda chachikulu ndipo siikhota mwadzidzidzi. Njira imene yalowa m'malo mwa njanji imatengera khalidwe lomwelo. Kudzanja limodzi mapiri ali njo, kudzanja lina nyanja iri pansi pako, koma iwe ukuyenda pamalo athyathyathya ngati pabwalo la sukulu.

Pambuyo pa tsiku limenelo, khanda likagona ndipo mayi wake akadya, ine ndi gogo tinkatuluka. Ndikuuzeni za anthu amene ndinkakumana nawo, pakuti kwa ine ndiwo adali chodabwitsa choposa nyanja. Ndidaona mayi wapakati akupalasa pang'onopang'ono. Ndidaona kamwana kosakwana zaka zinayi pa kanjinga kopanda mapedulo, kakukankha pansi ndi timiyendo, bambo wake ali kutali ndithu akucheza ndi mnzake osatekeseka. Ndidaona agogo aamuna akukankha akazi awo pa mpando wa matayala, atsikana a sukulu zikwama ziri kumsana, ndi banja lathunthu pa chinjinga cha matayala anayi chimene amachita kubwereka, onse akupalasa n'kumaseka. Pa Via Aurelia, mamita ochepa chabe kumtunda kwake, opalasa ambiri amene ndinkawaona adali amuna amphamvu ovala zothina. Anthu ake ndi a m'tauni imodzi, koma pamene pachoka galimoto ndi pamene amayi, ana ndi nkhalamba amatulukira.

Ulendo wathu woyamba wautali udali wa kum'mawa. Tidaoloka mtsinje wa Argentina, umene umathira m'nyanja pa Arma di Taggia pomwepo, n'kudutsa midzi ya Riva Ligure ndi Santo Stefano al Mare. Midzi imeneyi ndi ya nyumba zazitali zogundana, zopakidwa utoto wachikasu ndi wofiirira, zovala zoyanikidwa m'mawindo. M'mbali mwa gombe muli nsanja zamiyala zimene adamanga m'zaka za m'ma 1500 kuti alonda azionera patali zombo za achifwamba amene ankabwera kudzafunkha katundu ndi kugwira anthu ukapolo. Ndidakumbuka zimene agogo athu ankasimba za m'mbali mwa nyanja yathu m'nthawi ya a Jumbe ku Nkhotakota.

Mukakweza maso kumapiri, inu amayi a kumudzi, mukhoza kugwira pakamwa. Phiri lonse adalidula masitepe, ndipo sitepe iriyonse adaichirikiza ndi khoma la miyala yosanjikiza popanda simenti kapena dothi. Ndi ntchito yomweyo ya akalozera athu oteteza nthaka, koma ya miyala, yomangidwa ndi manja kwa mibadwo yambiri. Pa masitepe amenewo pali mitengo ya azitona ya masamba otuwa. Mtundu wake umatchedwa taggiasca, kutengera dzina la mudzi wa Taggia, ndipo zipatso zake ndi zazing'ono koma mafuta ake ndi okoma, osawawa pakhosi. M'munsi mwake muli nyumba zagalasi zosawerengeka zolimamo maluwa, pakuti gombe limeneli amalitcha Riviera dei Fiori, kutanthauza gombe la maluwa. Kumeneko maluwa ndi mbewu yogulitsa monga alili fodya kwathu. Pa 8 March, tsiku la amayi, alamu adabwera ndi timitolo ta maluwa achikasu otchedwa mimosa, a mtengo wa mtundu wa mthethe, kupatsa mayi awo, akazi awo ndi ine. Mwambo umenewu udayamba mu 1946, ndipo maluwa ambiri a tsikulo amachokera m'mapiri omwewa. M'mbali mwa njira mumameranso khonje wamkulu, ndipo nditamuona ndidamulonjera ngati mbale.

Kumadzulo, makilomita ngati 8 kuchokera kunyumba, kuli mzinda wa Sanremo. Njanji itafika mu 1872, anthu olemera a ku maiko ozizira adayamba kubwera kudzathawa chisanu, ena kudzafuna mpweya wabwino chifukwa cha matenda a chifuwa. Mkazi wa mfumu ya ku Russia, Maria Alexandrovna, adakhalako mu 1874 ndipo adapereka mphatso ya mitengo ya kanjedza yobzala m'mbali mwa gombe. Pafupi ndi siteshoni yakale pali tchalitchi cha anthu a ku Russia cha madenga onga anyezi. Njira imadutsanso kuseri kwa nyumba imene Alfred Nobel, mwini mphotho zotchuka zija, adamwaliriramo mu 1896, ndipo chaka ndi chaka mzindawu umatumiza maluwa ku Stockholm okakongoletsa phwando la mphothozo. Zonsezi ndidaziona ndiri pa chishalo, koma kunena zoona mtima wanga udali pa chinthu china chimene gogo adandichenjeza, ndicho phanga la Capo Nero.

Pakati pa Sanremo ndi Ospedaletti phiri lidalowa m'nyanja, ndipo sitima inkadutsa pansi pake m'phanga lochita kuboola, lotalika pafupifupi makilomita awiri. Tsopano mumadutsa njinga. Titafika pakhomo pake mphepo yozizira idatiomba kumaso ngati watsegula firiji, ndipo gogo adaima n'kuvala juzi. Ine miyendo idalemera. Munthu wobadwira kudambo kulowa pansi pa phiri ndi maso ali tseguke! Koma m'katimo muli magetsi kuyambira polowera mpaka potulukira, ndipo kudenga adapachika zithunzi ndi mawu ofotokoza mbiri ya mpikisano wa njinga wochokera ku Milan kudzathera ku Sanremo, umene udayamba mu 1907 ndipo ndi wa makilomita pafupifupi 300 tsiku limodzi. Mwina ndi mwina madzi amadontha kuchokera m'thanthwe. Mawu amamveka kawiri, tsono ana akalowamo amakuwa dala, ndipo gogo naye ankaliza belu popanda chifukwa, akuseka ngati mwana. Patapita mphindi ngati khumi kadontho koyera kadaoneka kutsogolo, kadakula, ndipo tidatulukira padzuwa, nyanja iri mbee, pa Ospedaletti. Pamenepo tidadya mkate wa kumeneko wotchedwa sardenaira, wopakidwa tomato, adyo, azitona ndi tinsomba tamchere tokhala ngati usipa.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Lamulungu dzuwa likawala njirayo imadzaza ngati msika wa pa mwezi, ndipo ana, agalu omangidwa zingwe ndi alendo ojambula zithunzi amangodutsa paliponse. Pali anyamata ena a njinga za mpikisano amene amathamanga mosaganizira anzawo, ndipo mmodzi adandipitirira pafupi kwambiri moti mpango wanga udauluka. Gogo adamutumizira mawu amene mng'ono wanga adakana kutanthauzira. M'malo ena timisewu ta galimoto timadula njirayo popita kugombe, ndipo pamenepo munthu ayenera kuima n'kuyang'ana mbali zonse. Chinanso chimene alendo sachiona ndi chakuti njanji itasamuka, midzi ina monga Ospedaletti ndi Santo Stefano idataya masiteshoni ake. Gogo adati kale ankatsika sitima pafupi ndi gombe, koma siteshoni ya Taggia tsopano iri kumtunda, ndipo ya Sanremo iri m'kati mwa phiri, kofika munthu atayenda m'likole lalitali. Nkhalamba yopanda njinga ndi yopanda galimoto idapindula pang'ono pa kusinthaku.

Ndipo njira yopanda galimotoyo ndi ya kugombe kokha. Kumapiri nkhani ndi ina. Kumtunda kwa chigwa cha Argentina kuli midzi yomangidwa pansonga za zitunda ngati zisa, mpaka kukafika ku phiri la Saccarello, lalitali kuposa onse a mu Liguria, mamita 2,200, msinkhu wofanana ndi phiri la Dedza. Mu March nsonga za kumeneko zidali zoyera ndi chipale ife tikuotha dzuwa kugombe. Alamu amakonda kupalasa m'misewu ya kumapiriko, ndipo amati galimoto ndi zochepa kwambiri, munthu akhoza kukwera nthawi yaitali osakumana nayo. Masiku ano kuli njinga za batire zothandiza pa chitunda, motero ngakhale amayi achikulire amakwerako. Ine ku midzi ya kumtundako ndidapita pa galimoto. Za mudzi wa Triora, kumene pakati pa 1587 ndi 1589 amayi adazengedwa milandu ya ufiti powanamizira kuti ndiwo adadzetsa njala, ndidzakusimbirani tsiku lina, chifukwa nkhani imeneyo ikufuna tsamba lakelake.

Kamodzi kokha ndidayesa kusiya njira yathu ndi njinga. Pa chitunda cha pakati pa Arma di Taggia ndi Sanremo pali mudzi wotchedwa Bussana Vecchia. Pa 23 February 1887, m'mamawa wa Lachitatu la Phulusa, chivomezi chidagwedeza dera lonselo anthu ambiri ali m'tchalitchi. Denga lidagwa, nyumba zidaphwasuka, ndipo otsala adakamanga mudzi watsopano kumunsi. Bwinjalo lidakhala lopanda anthu mpaka cha m'ma 1960, pamene amisiri ojambula ndi oumba ochokera m'maiko osiyanasiyana adayamba kukonza zipinda zina n'kukhalamo. Tchalitchi chija chikadali chopanda denga mpaka lero, koma nsanja ya belu idaima chiriri. Ndidafuna kukaona, ndipo popeza ndidali nditapalasa masabata atatu ndidadziona ngati katswiri.

Kamsewu kokwera kumeneko ndi kopapatiza, khoma mbali ina, phompho mbali ina. Tidatsika n'kumakankha njinga. Tiri pakati pa chitunda ndidamva injini kumbuyo. Idali kagalimoto kakang'ono, koyenda pang'onopang'ono, ndipo woyendetsa sadalize ndi hutala yomwe. Koma ine ndidataya njinga pansi n'kudziphatika kukhoma, miyendo ikunjenjemera, m'kamwa mwauma gwa. Galimotoyo idadutsa, mayi woyendetsa adatikweza dzanja, koma padatenga nthawi kuti ndithe kuchotsa msana pakhomapo. Masabata atatu aja ndinkayesa kuti mantha atha. Adali asanathe, kungoti pa njira ya kugombe padalibe chowadzutsa. Gogo adatola njinga yanga, naikankha pamodzi ndi yawo mpaka pamwamba.

Tsiku limodzi lokha ndidaona Via Aurelia iri duu. Lidali Loweruka, pa 22 March 2025, tsiku la mpikisano wa Milan ndi Sanremo. Apolisi adatseka msewu, anthu adandanda m'mbali, ndipo ana ankasewera pakati pa tala pamene masiku onse pamadutsa mabasi. Chaka chimenecho adabwezeretsa mpikisano wa amayi, umene udali utalekeka mu 2005. Amayiwo adanyamukira ku Genoa, ulendo wa makilomita 156, ndipo asanafike kwa ife adali atakwera kale chitunda cha Cipressa, kutsogolo kukuwadikira china cha Poggio. Tidadikira nthawi yaitali, koma kudutsa kwawo kudali kwa kamphindi, ngati kamvulumvulu wa mitundumitundu, mphepo yake mpaka kutikupiza zovala. Adapambana ndi Lorena Wiebes wa ku Netherlands. Njira yathu ija nayo idalandirapo akatswiri: pa 9 May 2015 mpikisano waukulu wozungulira dziko lonselo, Giro d'Italia, udayambira pa San Lorenzo al Mare kudzera m'njira yomweyo mpaka ku Sanremo.

Madzulo a tsikulo gogo adatisimbira za Alfonsina Strada, mwana wa alimi osauka wobadwa mu 1891, amene mu 1924 adapalasa nawo Giro d'Italia pakati pa amuna okhaokha, mtunda woposa makilomita 3,600 m'misewu ya fumbi ndi miyala. Tsiku lina adagwa pa mvula, chigwiriro cha njinga chidathyoka, ndipo adachilumikiza ndi mpini wa tsache n'kupitiriza. Adafika mochedwa moti adamchotsa pa mndandanda wa opikisana, komabe adamlola kupalasa, ndipo adakafika ku Milan pamene amuna ambiri adali atagonja panjira. Mng'ono wanga adati, "Achemwali, za tsachezo zikadakhala za kwathu bwenzi tikuti n'zabodza." Ine ndidati ndazikhulupirira, chifukwa ndidaonapo mayi akumanga pedulo ndi luzi kuti akafike kuchipatala.

Pa nthawi yonseyi mnzanga uja sankachoka m'maganizo mwanga. Tidayenda naye zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sadali wosasamala. Ankapalasa kumphepete kwenikweni, pamene tala adanyenyeka ngati chigumu, chifukwa kwina kopita kudalibe. Pa maliro anthu ena ankanong'ona kuti amayi asamakwere njinga pa msewu waukulu, ndipo ine kwa zaka 11 ndidavomerezana nawo mumtima. Ndikakumbuka kamwana kaja ka zaka zinayi kakuthamanga patsogolo pa bambo wake, sindithanso kuvomereza. Anthu a ku Liguria adali ndi mwayi wa njanji yosiyidwa ndi ndalama zothirira tala, zimene ife tiribe. Koma m'midzi imene ndimayendera muli tinjira ta m'madimba ndi ta kuseri kwa sukulu timene galimoto sizidutsamo, ndipo tikadakhala tolambulidwa ndi kuikidwa timilatho pa mitsinje, mayi akadachoka kwawo kukafika kuchigayo ndi kusikelo osaponda tala. Nkhani imeneyi ndidaitula kale ku gulu lathu, ndipo tagwirizana kukaonana ndi mafumu athu mvula ikatha.

Mlendo ndi mame, motero kumapeto kwa April ndidatsanzika. Tsiku lomaliza ine ndi gogo tidapalasa mpaka ku San Lorenzo al Mare ndi kubwerera, ndipo pobweza njinga ija adamasula belu lake n'kundifumbatitsa m'manja.

Nditafika kunyumba ndidapempha mwana wanga wamwamuna kuti atsitse njinga kudenga. Matayala adali atafumbwa, tcheni chitachita dzimbiri, ndipo m'chishalo makoswe adali atamangamo. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango pamsika adaitembenuza, napukusa mutu, nanditchulira matayala awiri, machubu awiri, tcheni, mabuleki ndi masipoko asanu ndi atatu. Abambo a kunyumba adalipira osafunsa zambiri. Belu ndidamangirira ndekha.

Tsopano kumisonkhano ya midzi inayi ndimapita pa njinga, kudzera m'tinjira ta m'madimba, ngakhale kuti n'kozungulira. Midzi iwiri yotsalayo iri kutsidya kwa msewu waukulu. Ndikafika pa tala ndimatsika, ndimaikankha m'mbali mwa ngalande mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, kudutsa pamalo paja, ndipo ndimakweranso ndikapatukira ku njira ya fumbi.